Poyambira ndi ndondomeko yowerengera Lastman

Lastman ndi nthano yazithunzi ya ku France imene analemba ndi kujambula anthu atatu: Bastien Vivès, Balak ndi Michaël Sanlaville. Kampani ya Casterman inaitulutsa m'mabuku 12 kuyambira 2013 mpaka 2019, ndipo mu 2015 inalandira mphoto ya nthano yabwino yotuluka m'mabuku otsatizana pa chikondwerero cha nthano zazithunzi cha mumzinda wa Angoulême. Popeza palinso katuni yake, ambiri amasokonezeka poyambira, ndipo ena amagula nkhani imodzimodzi kawiri.

Yambani ndi buku loyamba, musayambe ndi katuni. Nkhani imatsegukira ku Vallée des Rois, chigwa cha mafumu kumene anthu amakhala ngati akale, opanda magalimoto kapena magetsi. Adrian Velba, mnyamata wa zaka 12, wakonzekera mpikisano wa ndewu wa chaka ndi chaka, koma lamulo likuti omenya azilowa awiriawiri ndipo mnzake wadwala. Ndiye pakutulukira mlendo, Richard Aldana, wamphamvu, wosuta fodya, wosadziwa miyambo ya kumeneko, amenenso akusowa mnzake. Omenya a m'chigwacho amaitana mphamvu za mphepo ndi zina zotero asanaponye dzanja. Richard sadikira zimenezo, amangomutchaya munthu chibakera ali mkati moitana mizimu yake. Kukoma kwa mabuku awiri oyambirira kwagona pa kusadziwa kuti munthuyu wachokera kuti, ndipo katuni imaulula zimenezo pa gawo loyamba lomwe.

Werengani mpaka buku la 6 (mwa mabuku 12 a Chifalansa aja) osadumpha. Pa buku la 3 nkhani imatuluka m'chigwa, mayi ake a Adrian, Marianne, amene timawadziwa ngati wophika buledi, amaonetsa kuti amadziwa zambiri kuposa zimene amanena, ndipo posakhalitsa mufika ku mzinda wamakono wa Paxtown. Ena amagwa ulesi pamenepa poganiza kuti olemba asochera. Sanasochere, kusinthako n'kwadala.

Mukamaliza buku la 6, imani kaye muonere katuni. Inayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya France 4 mu 2016, woitsogolera ndi Jérémie Périn, ndipo ili ndi zigawo 26 za mphindi pafupifupi 13 chilichonse, kotero mutha kuimaliza m'masiku awiri kapena atatu. Imafotokoza za Richard ali wachinyamata ku Paxtown, zaka khumi nkhani ya m'mabuku isanayambe, akuteteza mtsikana wotchedwa Siri ku zilombo zobisala m'matupi a anthu. Pambuyo pake onerani katuni yotsatira, Lastman Heroes ya mu 2022, yomwe ili ndi zigawo 6 zazitali. Kenaka bwererani ku buku la 7, limene limadumpha zaka khumi kutsogolo. Ndondomekoyi ndiyo yabwino chifukwa anthu ena a m'katuni amabweranso m'mabuku omaliza, ndipo amene sanaionere amangowadutsa osazindikira kulemera kwa zimene zikuchitika.

Pogula ndi pamene ndalama zimatayika. M'Chingerezi nthanoyi inatuluka kawiri. Kampani ya First Second inatulutsa mabuku 6 oyambirira okha mu 2015 ndi 2016, dzina analilemba mogawa, Last Man, ndipo inalekera pomwepo. Kuyambira 2022 kampani ya Skybound inayambanso kuchokera pachiyambi, koma ikuphatikiza mabuku awiri a Chifalansa m'buku limodzi lalikulu, ndiye nkhani yonse imakwana m'mabuku 6. Apa ndi pamene pali msampha: mabuku 6 a First Second ndi theka la nkhani, pamene 6 a Skybound ndi nkhani yonse. Ngati muli kale ndi onse a First Second, yambirani pa buku la 4 la Skybound. Mukagula la 1 mpaka la 3 mukhala mukubwereza zomwe muli nazo kale. Musanalipire, yang'anani dzina la kampani pachikuto ndi kuchuluka kwa masamba: buku limodzi la Chifalansa kapena la First Second lili ndi masamba pafupifupi 200, la Skybound pafupifupi 400. Pofufuza pa intaneti onjezerani dzina la Balak kapena Sanlaville, apo ayi mudzakumana ndi nthano ina ya ku America ya dzina lofananako.

Kukula kwa bukuli ndi kajambulidwe kake zimafanana ndi manga, nthano zazithunzi za ku Japan, komabe limawerengedwa kuchokera kumanzere kupita kumanja. Wozolowera manga akayambira kumanja amaona munthu atagwa chibakera chisanamufike. Musadabwenso kuona kuti masamba ochepa oyambirira ndi amene ali ndi mitundu, otsalawo ndi akuda, oyera ndi otuwa. Si kulakwika kwa makina osindikizira.

Mawu ndi ochepa, choncho buku limatha msanga, mwina pa ola limodzi. Vuto la liwiro limeneli ndi lakuti nkhope zambiri amazijambula ndi timizere tochepa, nthawi zina popanda maso n'komwe, ndipo maganizo a munthu amaonekera pa kaimidwe ka mapewa ndi manja. Pa ndewu, yang'anani kaye tsamba lonse kuti mudziwe amene ali kumanzere ndi amene ali kumanja, kenaka tsatirani timabokosi kamodzikamodzi. Balak ndiye ankayala dongosolo la timabokosito anzake awiri asanajambule, ndipo nthawi zambiri nkhonya yomaliza amaisungira kuseri kwa tsamba, ndiye musasuzumire kutsogolo.

Makolo asanyengeke ndi nkhope ya mwana pachikuto cha buku loyamba. Nkhani ikamapita mumakhala magazi, imfa, kutukwana ndi zogonana, ndipo katuni njoopsa kuposa mabuku. Ndi ya akuluakulu ndi achinyamata okhwima, osati ana a ku pulayimale.