Mmene mungatsatirire zotsatira za magazi pa matenda a lupus

Lupus ndi matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira mwini wake n'kumawononga khungu, mfundo za mafupa, impso ndi magazi, ndipo mwa odwala 10 alionse pafupifupi 9 ndi akazi. Matendawa amagona n'kudzukanso, ndipo magazi kapena mkodzo zikhoza kuonetsa kuti adzuka wodwala asanamve ululu.

Mukapita kuchipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, pemphani kuti akuyezeni full blood count (kuwerenga maselo a m'magazi), ndipo manambala ake alembedwe m'buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi tsiku. Muziona zinthu zitatu: maselo oyera akatsika kuchepera 4,000, ma lymphocyte (mtundu wina wa maselo oyera) kuchepera 1,500, kapena ma platelet (amene amathandiza magazi kuundana) kuchepera 100,000, dokotala ayenera kudziwa msanga. Nambala ya tsiku limodzi siikwanira, chifukwa chimene dokotala amafuna ndi kuyerekeza za mwezi uno ndi za miyezi yapitayi. N'chifukwa chake bukulo muzilisunga m'pepala la pulasitiki, makamaka m'nyengo ya madzi osefukira.

Kuno kuchigwa tiyenera kusamala kwambiri pomasulira manambalawa. Malungo nawonso amatsitsa ma platelet, HIV imatsitsa ma lymphocyte a CD4, ndipo mankhwala a prednisolone amene odwala lupus ambiri amamwa amasintha chiwerengero cha maselo oyera. Choncho thupi likatentha musathamangire kunena kuti lupus yadzuka n'kuwonjezera nokha mankhwala. Yambani mwayezetsa malungo, pakuti mankhwala ofooketsa chitetezo akhoza kukulitsa matenda ena amene abisala. CRP (chizindikiro cha m'magazi chosonyeza kutupa m'thupi) ikakwera kwambiri, kawirikawiri chimene chavuta ndi tizilombo toyambitsa matenda ena.

Mkodzo musauiwale, chifukwa impso zimawonongeka mwakachetechete, ndipo kuyeza protein mu mkodzo n'kosavuta. Mukaona thovu lambiri mu mkodzo kapena mapazi akutupa, musadikire tsiku limene anakupatsani.

Akakutumizani ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, funsani ngati n'kotheka kuyeza m'magazi C3 ndi C4 (ma protein a chitetezo cha m'thupi) komanso anti-dsDNA (asilikali a m'thupi amene amaukira thupi lomwe). Matenda akadzuka, kawirikawiri C3 ndi C4 zimatsika pamene anti-dsDNA imakwera. ANA, yomwenso imayezedwa m'magazi, imathandiza pozindikira matendawa poyamba, koma kuibwereza sikusonyeza kukula kwake.

M'buku lomwelo muzilembanso zilonda za m'kamwa, kuthothoka kwa tsitsi ndi zidzolo zotuluka mutakhala padzuwa, poti dzuwa la mu Okutobala kuno limadzutsa lupus. Mankhwala a lupus otchedwa hydroxychloroquine musawasiye ngakhale manambala ali bwino, pokhapokha dokotala atanena.