Mmene tinathetsera vuto la ndalama ya mwana kutha mwezi usanafike pakati

Mtsikana wanga ali fomu 3 ndipo ndimampatsa K40,000 pamwezi ya minibasi ndi kachakudya kusukulu. Vuto linali loti sabata yachiwiri isanathe ndalama yatha kale, "amayi ndilibe ya transipoti", ukamufunsa yapita kuti nayenso sakudziwa. Kukalipa sikunathandize, kumpatsa ya tsiku ndi tsiku nakonso ayi chifukwa wowerengera ndinali ine, iye osaphunzira kanthu.

Ndiye ndinamugulira kakope kotchipa pa grosale ndi maenvelopu anayi. Mwezi woyamba sindinasinthe chilichonse, ndinangoti chilichonse wagula azilemba, ngakhale chitumbuwa chimodzi kapena fizi, ndipo ndinalonjeza kuti sindikalipa pa zomwe ndione mmenemo. Apa ndi pomwe panagona nkhani, mwana akamaopa amalemba zabodza ndiye kopelo lilibenso ntchito. Kumapeto kwa mwezi tinakhala pakhonde, anawonkhetsa yekha pa foni, atawona kuti bandulo ndi chipisi zadya ndalama yambiri kuposa minibasi anangoti kukamwa yasa.

Kenako anagawa yekha ndalama m'maenvelopu, transipoti, chakudya, bandulo ndi yosunga, ine ndinangoonetsetsa kuti ya transipoti ikukwana masiku onse a sukulu. Ya bandulo ikatha yatha basi, sindiwonjezera ngakhale andinyengerere bwanji. Yosungayo akufuna nsapato za pa kaunjika, pa K1,000 iliyonse yomwe wasunga ndimaikapo K200 yanga, ndipo envelopu imeneyo imakhala kuchipinda kwanga.