Konzani Pogona Kutentha kwa Okutobala Kusanafike

Yambani ndi matiresi. Ngati ikadali mu pulasitiki yake ya kusitolo, ichotseni; pulasitiki ija siyamwa thukuta, n'chifukwa chake mumadzuka msana uli chinyontho. Iyanikeni padzuwa maola 3 kapena 4, mukuitembenuza, ndipo yang'anani m'misoko ngati muli nsikidzi, zimaswana msanga kukatentha.

Mabulangeti achapeni, aume gwa musanawapinde. Mukasunga lonyowa pang'ono, pofika Meyi mudzalipeza lachita nkhungu, likununkha.

Pogula nsalu zoyala pabedi, kaya pa kaunjika, werengani kachikwangwani. Ya thonje ndiyo yabwino, imalowetsa mpweya ndipo imayamwa thukuta. Zonyezimira za poliyesitala zija zimakongola pamaso pokha, usiku zimamata thupi. Khalani ndi ziwiri, muzisintha sabata iliyonse, zovindikira pilo masiku 3 aliwonse.

Neti ichapeni ndi sopo wamtanda m'madzi ozizira, osaifikisa kwambiri, muiyanike pamthunzi. Dzuwa limapha mphamvu ya mankhwala ake.

Makatani a zenera loyang'ana kumadzulo muzitseka kuyambira masana, mutsegule dzuwa likalowa kuti chipinda chizizire.