Mlandu wa paubwana ku UK: zomwe zimafufutika ndi zomwe zimatsala

Ku England ndi Wales, mwana akangokwana zaka 10 akhoza kumangidwa n'kuimbidwa mlandu. Ku Scotland ndi zaka 12. Makolo ambiri a kwathu amadzamva zimenezi foni italira ali pa shifiti, kuti mwana ali kupolisi chifukwa waba m'sitolo, wachita ndewu kusukulu kapena am'peza ndi chamba.

Nkhani yonse imagona pa tsiku limenelo. Mlandu ukakhala waung'ono, apolisi amatha kunena kuti mwana angolandira youth caution, chenjezo lolembedwa, zithere pomwepo osapita kukhoti. Kholo, ndi manyazi komanso kutopa, limam'nong'oneza kuti, "Iwe tangovomera tizipita." Musatero. Caution saipereka kwa munthu amene sanavomere kulakwa, ndipo imakalowa m'kaundula wa apolisi wa PNC, momwe imakhala mpaka mwini wake adzakwane zaka 100. Loya wa papolisi ndi waulere, kaya mapepala anu ali bwanji. Muitanitseni, ndipo mwana asayankhe mafunso loyayo ndi munthu wamkulu womuperekeza asanafike.

Kumbali ya ntchito zinthu zidapepukako. Lamulo la Rehabilitation of Offenders Act la 1974 limati pakapita nthawi mlandu, kupatula ina ikuluikulu, umasanduka "spent", kutanthauza kuti pa ntchito wamba simukakamizidwa kuuulula. Youth caution imatero pompopompo. Faindi yolamulidwa ndi khoti kwa mwana imatenga miyezi 6. Basic DBS, satifiketi wamba ya mbiri ya milandu yomwe olemba ntchito amafuna, saonetsa milandu yotereyi.

Koma ntchito zomwe ambirife timathamangira, za care, unamwino ndi uphunzitsi, zimafuna Enhanced DBS, yomwe imakumba mozama. Khoti la Supreme litagamula mu 2019 kuti kuulula zonse n'kupyola malire, malamulo adasintha mu November 2020, moti youth caution siituluka yokha pa satifiketi. Mlandu wogamulidwa kukhoti munthu asanakwane zaka 18 umachoka pakatha zaka 5 ndi theka, pomwe wa wamkulu ndi zaka 11. Izi sizikhudza amene adapatsidwa chilango cha ndende, ngakhale choimikidwa, kapena milandu ikuluikulu monga yogwirira ndi yovulaza kwambiri munthu. Imeneyo imaonekabe. Komanso apolisi ali ndi mphamvu yowonjezera pa Enhanced chilichonse chomwe aona kuti chikukhudza ntchitoyo.

Pamene pamatipweteka ife obwera ndi ku Home Office, unduna woona za viza ndi unzika. Kumeneko za "spent" kulibe. Kuyambira 2012 nkhani za viza ndi unzika zidachotsedwa pa chitetezo cha lamulo la 1974 lija, choncho fomu ikafunsa, mumaulula zonse, ndi caution yomwe. Mwana wa zaka 10 kapena kuposerapo akamalembetsa unzika wa Britain amayesedwa ngati ali wa "good character", kutanthauza wa khalidwe labwino. Taganizirani mwana wobadwira ku Leicester, ku Malawi sanapondeko, amene lamulo limam'lola kulembetsa atakhala m'dzikomo zaka zake 10 zoyamba. Makolo azengereza chifukwa ndalama yake ndi yambiri, mwanayo n'kulakwa ali ndi zaka 14, fomu ija yasanduka nkhani ina. Ine ndimati lembetsani msanga akangoyenera. Ngati ndalama yavuta, pemphani fee waiver, chilolezo chosalipira, ilipo ya ana. Kubisa ndiye koipitsitsa, chifukwa bodza pa fomu limakanitsa munthu ngakhale mlanduwo ukadakhululukidwa.

Viza ya ku America nayonso salabadira lamulo la Britain. Amafunsa ngati mudamangidwapo, basi.

Musanalembe fomu iliyonse, pemphani ku ACRO, ofesi ya apolisi yoona za mbiri ya milandu, chikalata cha zomwe zili pa dzina lanu mu PNC. Amachitcha subject access ndipo n'chaulere. Chimenecho n'chanu nokha, bwana saloledwa kukukakamizani kuti mumuonetse. Bungwe la Unlock limathandiza kwaulere kuwerengera ngati mlandu wasanduka "spent", koma za unzika funsani loya wa imigireshoni wovomerezeka, osati achimwene a pa gulu la WhatsApp.