Mukafika ku Bamberg, mzinda wa ku Germany, tchalitchi chachikulu cha kumeneko muchione chonchi

Musanalowe imani kaye panja muwerenge nsanja, zilipo zinayi. Koma dziwani kuti si chimene anamangitsa mfumu Heinrich II ayi, chake chija anachidalitsa pa 6 May 1012, chinapsa mu 1081, chinapsanso mu 1185, ndiye mukuchionachi ndi cha 1237.

Mukalowa musathamangire zithunzi, pitani kaye pamanda a mfumuyo ndi mkazi wake Kunigunde. Awiriwa analibe mwana, ndiye chuma chambiri anachipereka ku dayosizi yomwe Heinrich anayambitsa mu 1007, ndipo kwa ine apa ndi pamene pali nkhani yonse. Zungulirani mandawo pang'onopang'ono, katswiri wosema Tilman Riemenschneider anawasema kuyambira 1499 mpaka 1513, mupeze pomwe Kunigunde akuponda makasu a pulawo amoto pofuna kusonyeza kuti sanachite chigololo, mbali imeneyo imandikhudza heavy.

Kenako kwezani maso pachipilala muone chosema chamwala cha munthu wokwera hatchi, akatswiri amatsutsanabe kuti ndi ndani. Chakumadzulo kuli manda a Papa Clement II, anamwalira mu 1047. Misa ikamachitika dikirani ithe ndiye muyambe kuyendayenda.