Kompyuta Yakale Ikamachedwa Kuyaka, Yambirani Apa

Anthu ambiri muno mu Chipata, kompyuta ikayamba kuchedwa kuyaka, amathamangira nayo kwa okonza kuti akaifomate, chikhalirecho vuto limakhala mapulogalamu amene amadzitsegula okha makina akangoyatsidwa. Musanakhudze chilichonse, sungani mafayilo anu ofunika pa fulashi.

Choyamba, dinani mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, kenako pitani pamene palembedwa Startup. Pamenepo mupeza mayina a mapulogalamu onse odziyatsa okha, ndipo pambali pake pamaoneka ngati pulogalamuyo ikulemetsa makina poyaka. Monga Teams, Zoom kapena Spotify, isankheni ndi kudina Disable. Siichoka ayi, idzangodikira kuti muitsegule nokha mukaifuna. Ngati munaikamo ma antivirus awiri, chotsani imodzi, chifukwa amangolimbana. Microsoft Defender, amene amabwera kale mu Windows, ndi wokwanira kwa ambiri.

Chachiwiri, pukutani zinyalala ndi Disk Cleanup, pulogalamu ya mu Windows yochotsa mafayilo osafunika, ndipo mafilimu odzaza pa Desktop muwasamutsire kwina.

Zikapanda kusintha, bwererani mu Task Manager, mutsegule Performance ndi kuona ngati disiki yanu yalembedwa HDD kapena SSD. Apa ndi pamene pagona nkhani. HDD ili ndi timbale tozungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 pa mphindi mu laputopu, ndipo kasingano kamafunafuna fayilo iliyonse pa timbaleto, pamene SSD ilibe chozungulira chilichonse. Ngati ndalama zilipo zogulira chinthu chimodzi chokha, gulani SSD ya SATA ya mainchi 2.5, ngakhale ya 256GB, ndipo mudzadabwa kuti makina omwewo ayamba kuyaka musanamalize kukoka mpando. RAM, memori imene kompyuta imasungamo kwakanthawi zimene ikugwira, ikakhala ya 4GB ndi bwino kuifikitsa pa 8GB, koma musanagule tsimikizani kaye ngati yanu ndi DDR3 kapena DDR4, popeza sizilowerana.

Fumbi la mwezi wa Seputembala ndi kutentha kwa Okutobala zimafooketsa makina mwakachetechete. Fani ikamalira kwambiri, zimitsani kompyuta, zulani pulagi, ndipo muuzire mphepo m'timabowo totulutsira kutentha mutagwira faniyo kuti isazungulire. Laputopu siyenera kugwira ntchito pa bulangete, chifukwa timabowo ta pansi timatsekeka. Magetsi akazima, zulani chaja kapena pulagi, ndipo mudikire pang'ono akabwera, pakuti nthawi imeneyo ndi pamene zipangizo zimapsa. Surge protector, chipangizo choteteza makina magetsi akabwera mwamphamvu, imathandizanso.

Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo kamene makompyuta ambiri akale alibe. Amene makina ake alibe TPM asawataye: Linux Mint, imene imaikidwa m'malo mwa Windows, ndi yaulere, siilemera, ndipo imabwera ndi Firefox komanso LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera ndalama. Mungathe kuiyesa kaye kuchokera pa fulashi musanachotse Windows.