Odina linki ndi ambiri, nanga ogula ali kuti?

Achinyamata ambiri mu Blantyre muno ayamba geni yotsatsa katundu wa eni pa intaneti kuti azilandira komishoni. Mwini katundu amakupatsani linki yanuyanu, inu n'kuiika pa Facebook, pa TikTok kapena pa sitetasi ya WhatsApp, ndipo wina akadina n'kugula, gawo lanu limalowa. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akunyadira kuchuluka kwa odina, chonsecho komishoni imabwera ndi ogula okha.

Mlimi wochangamuka asanabzale munda wonse amayamba wayesa mbewu: amafesa njere 100 n'kuwerenga zomwe zamera. Teroninso ndi linki yanu. Tengani chiwerengero cha ogula, gawani ndi cha odina, kenaka chulukitsani ndi 100. Tiyerekeze kuti adina anthu 400 ndipo agula 6. Imeneyo ndi 1.5 peresenti. Ngati komishoni ndi K2,000 pa wogula aliyense, mwapeza K12,000, kapena tinene kuti K30 pa wodina mmodzi. Mnzanu amene odina ake ndi 60 okha koma ogula ndi 6 omwewo ali pa 10 peresenti, ndipo sanawotche bandulo yambiri ngati inu. Lembani manambalawa m'kope sabata iliyonse. Koma musathamangire kugamula ndi odina 20 okha, dikirani afike mazana angapo.

Kwathu kuno anthu ambiri amathawira polipira. Mayi wa ku Ndirande wadina, mapoto aja wawakonda, koma pofika kumapeto tsamba likumufunsa nambala ya khadi ya Visa ndipo mtengo uli m'madola. Iye ndalama zake zili ku Airtel Money kapena ku TNM Mpamba. Basi, watseka. Ngakhale yemwe ali ndi khadi amayamba waganizira za kusowa kwa ndalama zakunja, za mphamvu ya kwacha yomwe idatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, za mtengo wotumizira katunduyo, ndiponso za msonkho wa MRA akafika m'dziko muno.

N'chifukwa chake sindilimbikitsa wongoyamba kumene kuti athamangire ku Amazon Associates (yotsatsira katundu wa sitolo ya pa intaneti ya Amazon), ngakhale ndi ndondomeko yotchuka yomwe idayamba kale mu 1996. Kumeneko wodina amayenera kugula, kapena kuika katunduyo mu dengu la patsambalo, pasanathe maola 24 kuti komishoni ikhale yanu. Akafikanso kudzera pa linki ya munthu wina, komishoni imapita kwa winayo. Ife timadziwana: munthu amaona chinthu lero, n'kukafunsa kunyumba, n'kudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Komanso Amazon imafuna kuti mugulitse katatu m'masiku 180 oyambirira, apo ayi akaunti imatsekedwa. Njira imeneyi imathandiza amene omutsatira ake ambiri ali ku America kapena ku Ulaya.

Ngati anthu anu ndi a ku Chilomoni, Bangwe ndi Chirimba, pezani wamalonda wa m'tauni kapena ku Limbe amene amalandira ndalama za pafoni. Gwirizanani molemba za komishoni, ndipo akupatseni mawu achizindikiro omwe wogula azitchula, chifukwa malonda ambiri kuno amathera pa WhatsApp pomwe linki siyitha kuwerenga chilichonse. Funsaninso kuti katundu afika bwanji kwa wogula, ndipo ndalama ya kabaza alipira ndani. Wogula akamva za mtengo wina mochedwa, amabwerera.

Musanatumize linki, idineni nokha pa foni wamba, pamalo pomwe netiweki imavuta. Ngati tsambalo likuchedwa kutseguka kapena likukutengerani kwina osati pa katundu yemwe mwatsatsa, makasitomala anu sadzadikira.

Mtengo muziulemba pompo pa chithunzi. Ndikudziwa kuti ena amaubisa dala kuti anthu adine mwaunyinji, koma odina chifukwa chongofuna kuona mtengo sagula. Mukaulemba, odina achepa, koma otsalawo ndi amene ali ndi ndalama m'manja. Chithunzinso chikhale chojambula nokha, katunduyo ali m'manja mwanu, ndipo nenani poyera kuti mumalandira komishoni. Anthu a pa sitetasi yanu ndi omwe mumapemphera nawo ndi kukwera nawo minibasi, choncho musawanamize za katundu amene simunamuonepo.

Pomaliza, malo alionse akhale ndi linki kapena chizindikiro chakechake: china cha Facebook, china cha TikTok, china cha WhatsApp. Mwezi ukatha, kope lija likuonetsani kumene ogula akuchokera. Kumene kukungobwera odina okhaokha, chepetsaniko nthawi ndi bandulo.